Mwana wayamba kugona m'kalasi ndi kumenya anzake, makolo sakubwera: nditani naye?

Choko_Chatha
Anzanga ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndimaphunzitsa Sitandade 5 pa sukulu ina kumtunda kuno kwa Dedza, dzina lake sinditchula. Ndili ndi mnyamata wa zaka mwina 12. Temu yoyamba anali wochangamuka, masamu ankawatha moti ndinkamutuma kukalemba pa bolodi. Chitsegulireni mu January muno wasinthiratu. Akangokhala pansi wayamba kuwodzera, pa sabata amajomba masiku awiri kapena atatu. Lachiwiri lapitali mphepo inamenyetsa chitseko, phaa! Ana ena anangoseka, koma iye anakabisala kumbuyo kwa anzake, manja ali kumutu, thupi lonse likunjenjemera. Mnzake wina atamuseka, anamulumphira n'kumumenya mpaka magazi m'mphuno. Dzulo wagwidwa akutenga chigumu m'chikwama cha mtsikana wina. Ndamutuma katatu kuti akaitane makolo, palibe wabwera. Ahedi akuti akumbe dzenje la zinyalala, akakana abwerere kwawo mpaka kholo lioneke. Mtima wanga sukuvomera, komanso makolo a womenyedwa uja akundiyang'ana ine. Mukanakhala inu mukanatani?

Kabaza_wa_Lizulu
Akumbe basi. Ifeyo tinakula ndi maenje omwewo, tinafa kodi?

Nasibeko_wa_Mtakataka
Achimwene, amene anathawa sukulu chifukwa cha maenjewo sali pa gulu lino. Ngakhale foni alibe. Ndiye musawerenge opulumuka okha.

Ahedi_Opuma
Madamu, funso loyamba ndi ili: mwanayo akumabwera atadya? Muyang'ane mwezi umene tili. January ndi February ndi pamene nkhokwe zimakhala mbee, chimanga chili m'munda sichinache, cha pamsika chakwera. Ndaphunzitsa zaka zoposa makumi atatu ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo kaundula wa miyezi iwiri imeneyi ndinkamudziwa ndisanamutsegule: mipata yokhayokha. Mwana woba chigumu sanabe foni, sanabe ndalama. Waba chodya.

Chachiwiri ndi nkhani ya "kaitane makolo". Ife aphunzitsi timaiona yophweka chifukwa timalandira pakutha pa mwezi, tidye kapena tisadye mwezi utha ndithu. Kholo la ganyu likabwera kusukulu ndiye kuti tsiku limenelo mizere silinapalire, ndipo usikuwo pamoto palibe poto. Linanso likamva kuti akukufunani kusukulu limangoganiza kuti ndi ndalama ya chitukuko ija sindinapereke. Lina lilibe chitenje choti n'kuima nacho pamaso pa ahedi. Lina linasiyira Sitandade 2 ndipo ofesi ya ahedi kwa ilo ndi bwalo la milandu. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anachuluka mwadzidzidzi kuchoka pafupifupi 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ambiri mwa amene analowa nthawi imeneyo anali ochokera m'nyumba zomwe simunatulukepo wophunzira. Tinatsegula chitseko, koma mayankhulidwe athu kwa makolo sitinawasinthe.

Pitani kwawo. Koma musapite nokha.

Choko_Chatha
Zikomo bambo. Phala kusukulu kwathu kulibe, ndiye zoti wadya kapena ayi sindikudziwa. Kunena zoona sindinamufunsepo. Ndachita manyazi powerenga.

Mayi_wa_MotherGroup
Manyazi asakugwireni madamu, ana ndi ambiri. Koma pa zopita kwawozo ndiwonjezereko, chifukwa ndi ntchito yomwe timagwira ife. Tengani mayi mmodzi wa m'mudzi momwemo wa Mother Group, gulu lathu la amayi othandiza ana kuti asasiye sukulu, ndipo mudzere kaye kwa anyakwawa kapena kwa akazi awo, asamve kwa anthu kuti aphunzitsi analowa m'mudzi. Kaundula musanyamule. Buku lililonse lisiyeni kunyumba, chifukwa munthu akaona buku ndi cholembera pakamwa pamatsekeka, kapena amayamba kuganiza kuti mwabwera kudzalemba maina a thandizo, ndiye mawa mudzi wonse uli pakhomo panu.

Mukafika khalani pa mphasa, mupereke moni wonse, mucheze za mvula ndi za kumunda. Mawu oti "chifukwa chiyani mwana wanu" asatuluke. Ife timayamba ndi kuyamikira: mwana wanu uja ndi wanzeru, masamu amawatha, ndiye tamusowa. Mayi akamva zimenezo mapewa amatsika. Zinazo maso anu adzakuuzani okha. Kukhitchini kukutuluka utsi kodi? Pa mkeka ayanika ufa kapena gaga? Ana aang'ono akuoneka bwanji?

Ine ndinapita kwa mtsikana wina amene aphunzitsi ankati ndi wamwano, amajomba dala. Tinapeza akusamalira agogo ake osaona pamodzi ndi abale ake awiri. Madzi iyeyo, nkhuni iyeyo, ndiwo iyeyo. Kusukulu ankamukwapula chifukwa chochedwa, pamene iye anali atadzuka tambala woyamba.

Sala_wa_Golomoti
Zonsezi n'zabwino pa foni. Ine m'kalasi mwanga muli ana 130. Ndiyendere nyumba zingati? Ndikamaliza kuchonga dzuwa lalowa. Malipiro amatha pa 10, pa 15 ndili kwa akatapila. Ndife aphunzitsi kapena a Social Welfare? Boma lilembe anthu a ntchito imeneyo. Ifenso ndife mabanja ovutika, ingoti timavala tayi.

Nasibeko_wa_Mtakataka
Apo mwanena zoona sala, tayi ndi amene amatinamiza.

PhiriLaDedza
Chitsikireni kwacha mu November 2023 ndi 44 peresenti ija, malipiro a mphunzitsi anasanduka a kanyenya. Thumba la feteleza lokha likutha theka.

Kabaza_wa_Lizulu
Nde mumve za kachewere. Alimi aku Tsangano akulira, mankhwala opopera akwera, koma mavenda akafika amagula ndowa ngati akutola. Akafika nayo ku Lilongwe mtengo wina. Wolemera ndi mwini lole.

PhiriLaDedza
Ndowa zawo zija zophwanyidwa m'mbali kuti zilowe zambiri, kkkk. Ndiye aike nsonga pamwamba ngati phiri la Chongoni.

Woyang'anira_Gulu
Akuluakulu, za kachewere tsegulani nkhani yake payokha. Pano pali mwana.

Ahedi_Opuma
Sala wa ku Golomoti, sindikutsutsani, ndinakhalamo m'kalasi zotero. Koma palibe wanena kuti muyendere ana 130. Amene wasintha mwadzidzidzi, monga uyu, pa temu sapitirira atatu kapena anayi. Ndipo ntchito si yanu nokha: pali Mother Group, komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA), mafumu. Vuto n'loti magulu amenewa timawakumbukira pokhapokha tikufuna njerwa ndi mchenga.

Namwino_wa_Usiku
Ine si mphunzitsi, ndimagwira ntchito kuchipatala, koma pali chimodzi chimene nonse mwachilumpha. Njala imafotokoza za chigumu ndi kuwodzera. Koma njala sibisalitsa mwana chitseko chikamenyeka. Mwana amene amaika manja kumutu akamva phokoso, thupi lake laphunzira kuti phokoso limabwera ndi nkhonya. A mabungwe amati trauma, ife tingoti bala la mumtima. Munthu akaona zoopsa, makamaka zobwerezabwereza, thupi limakhala tcheru nthawi zonse ngati mlonda. Usiku sagona, ndiye amadzagona pamalo pomwe akuona kuti palibe amukhudze. Mwina kalasi yanuyo madamu ndi malo okhawo amene akupezako tulo. Ena amayambanso kukodza pogona, ena amangoti ziii osayankhula, ena amakwiya ndi kanthu kakang'ono. Zophunzira sizilowa, osati chifukwa nzeru zatha, koma maganizo onse ali pa kudikira choopsa.

Zimene mungachite osawononga ndalama: mukhazikeni pafupi nanu, pomwe akuona khomo. Musamufikire chakumbuyo kapena kumugwira mwadzidzidzi. Akapsa mtima musamuzinge pakona ndi ndodo, mutulutseni akakhale pamthunzi, mukambe naye mtima utatsika. Mpatseni kantchito ka tsiku ndi tsiku, kaya kufufuta bolodi kaya kusunga choko, kuti adziwe kuti akajomba wina amusowa. Musamufunse ngati wapolisi. Akayamba yekha kukamba, mvetserani, musamuikire mawu m'kamwa, ndipo musalonjeze kuti simuuza munthu. Muuzeni kuti mungouza okhawo amene angathandize. Ngati pali nkhanza, imeneyo si yosunga mumtima: pali nambala yaulere ya 116, pali Victim Support Unit kupolisi, pali ogwira ntchito yoteteza ana a ku ofesi ya Social Welfare. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lilipo chifukwa cha zoterezi.

Mlaliki_wa_Kumapiri
Zinazi n'zamizimu. Mwana kusintha choncho mwadzidzidzi, mwina akumutenga usiku. Apite naye kumapemphero.

Namwino_wa_Usiku
Pempherani abusa, palibe akuletsa. Koma mawu oti "akumutenga usiku" asamveke pa sukulupo. Mwana akangotchulidwa za ufiti, anzake amuthawa, ndipo agogo ena osalakwa m'mudzimo aona zakuda. Tiyambe taona zimene zikuchitika m'nyumba mwawo dzuwa likalowa.

Mwana_wa_Nsipe
Kapena walowa kudambwe? Anyamata akumeneko akangometa amayamba kuderera aphunzitsi aakazi.

PhiriLaDedza
Inu Angoni chilichonse ndi dambwe. Wolowa kudambwe amabisala chitseko chikalira? Tasiyani.

Wakudimba
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhuleko ngati kholo, chifukwa kholo losabweralo ndinakhalapo ine. Chaka cha 2024, chija mvula inadula mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 23, ine ndinakolola matumba awiri. Pofika Khirisimasi tinali titayamba kuoloka malire kukagwira ganyu ku Mozambique, malipiro ake madeya kapena kandowa ka chimanga. Kunyamuka kusanache, kubwera mdima. Mwana wanga wamkazi anabwera ndi uthenga katatu kuti akundifuna kusukulu. Ndinadziwa kuti ndi ndalama ya chitukuko. Ndipite ndikanene chiyani?

Tsiku lina ku asembule anawerenga maina a ana omwe sanapereke, n'kuwaimiritsa kutsogolo. Mphunzitsi wina ananena kuti makolo anu ndalama ya kachasu amaipeza. Ine mowa sindinaulawepo chibadwire. Mwanayo anabwera osalira, anangovula yunifomu n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pansi pa mphasa. Milungu itatu osapita. Chimene chinamubweza si chilango. Anabwera madamu ena achikulire, Loweruka, atavala chitenje ngati munthu wamba. Anandipeza ndikusenda mango aawisi oti tiwiritse. Ndinafuna kubisa poto, iwo anangokhala pansi n'kutenga mpeni wina. Za ndalama sanatchule. Anangoti Lolemba abwere, za ofesi ndikakamba ndine.

Ndiye aphunzitsi, mawu amene mumanena pa asembule amafika kunyumba. Ife timawamva onse.

Sala_wa_Golomoti
Apa ndilibe choyankha. Maina ndinawerengapo ineyo.

Ahedi_Opuma
Tonse tinawerengapo. Chonsecho malamulo a unduna salola kubweza mwana wa pulayimale chifukwa cha yunifomu kapena ndalama zoterezi, monganso salola kukwapula. Timadziwa, koma mlonda akufuna malipiro, choko chatha, ndiye timafinya pofewa.

Kabaza_wa_Lizulu
Chabwino, ndamva. Koma womenyedwa uja bwanji? Iyeyo alibe mtima? Mawa ana onse adziwa kuti ukakhala wovutika ukhoza kuswa mnzako mphuno.

Nasibeko_wa_Mtakataka
Funso limeneli ndi labwino, musamunyoze. Kulakwa walakwa ndithu, ndipo ayenera kudziwa. Koma dzenje likugwirizana bwanji ndi mphuno ya mnzake? Akhale pansi awiriwo pamaso pa madamu, apepese, winayonso avomere kuti anamuseka. Makolo a womenyedwa muwauze kuti nkhani mwaigwira, koma za kunyumba kwa mnzakeyo musawafotokozere. Si zawo.

Choko_Chatha
Ndabwera anzanga. Ndinapita dzulo masana ndi mayi wina wa Mother Group, titadzera kwa akazi a anyakwawa monga munanenera. Sindilemba zonse, zina si zapagulu. Uthenga wanga uja sunafike n'komwe, mwanayo ankaopa kuunena. Bambo ake omubereka anapita ku Joni zaka zitatu zapitazo, foni inasiya kulira. Mayi anakwatiwanso chaka chatha. Bambo atsopanowo akamwa amafika usiku n'kumenya chitseko ndi mwendo. Chitsekocho ndinachiona, thabwa lam'munsi linathyoka, anatsekapo ndi chigubu chodula. Zikayamba, mnyamatayo amanyamula mlongo wake wa zaka zinayi n'kukakhala naye m'chimanga mpaka kuche. Mvula yonse ija ya sabata yatha anali m'munda.

Mayiwo anatilandira atafunda chitenje mbali imodzi ya nkhope. Nditanena kuti mwana wanu masamu amawatha, anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anati, "Amatengera malume ake." Pamoto panali mphika wa nkhwani wopanda nsima. Potuluka anandigwira dzanja n'kunena kuti chonde zisafike kupolisi, akamangidwa tidya chiyani.

Usiku sindinagone. Ndinatsala pang'ono kumukumbitsa dzenje mwana amene wachezera m'munda atabereka mlongo wake.

Mayi_wa_MotherGroup
Mwachita bwino madamu. Mawu akuti "tidya chiyani" timawamva nyumba iliyonse yotere. Musawaweruze mayiwo.

PhiriLaDedza
Amalume atchulidwawo ali kuti? Kwathu kuno ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume. Mkamwini sangamathyole chitseko pamudzi pa eni ake iwo ali chete. Ayambe amalume ndi ankhoswe, kenako mfumu.

Namwino_wa_Usiku
Amalume inde, koma ndisakubisireni: ndaona amayi ambiri amene nkhani yawo "inakambidwa pachibale" kanayi, kachisanu akubwera pa machira. Pano pali ana awiri ogona m'munda nthawi ya mvula ndi udzudzu. Madamu auze ahedi lero, ndipo wogwira ntchito yoteteza ana wa dera limenelo adziwe. Kudziwitsa a Social Welfare kapena Victim Support si kuti munthu wamangidwa tsiku lomwelo, nthawi zambiri amayamba ndi kuitana ndi kulangiza. Koma nkhani ikhale italembedwa penapake. Ndipo mayiwo auzidwe kuti mukudziwitsa ena, asadzidzimuke, komanso bamboyo asadziwe kuti zachokera kwa mwana.

PhiriLaDedza
Mukangolowetsa boma mudzi udana ndi madamu. Iwo ndi obwera, ife tikudziwa.

Nasibeko_wa_Mtakataka
N'chifukwa chake anadzera kwa anyakwawa. Ndipo musamanene ngati mafumu ndi boma sizingayendere limodzi. Kwathu kuno Inkosi Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubweza atsikana kusukulu, mafumu ang'onoang'ono ovomereza maukwati otero inkawaimitsa. Inkagwira ntchito ndi amayi a m'midzi omwewa. Ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 malamulo akuluakulu a dziko anautsekeratu mu 2017, koma m'mudzi lamulo limayenda ndi miyendo ya anthu. Njala ikafika chonchi, atsikana a Sitandade 6 ndi 7 ndi amene amayamba kusowa. Muwayang'anenso amenewo m'makaundula anu.

Mwana_wa_Nsipe
Banja limeneli silingalowe mu Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama lija la boma?

Ahedi_Opuma
Mtukula Pakhomo, chiyambireni ku Mchinji mu 2006, amatenga mabanja osaukitsitsa omwenso alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, monga agogo olera ana amasiye kapena odwala. Pamene pali bambo ndi mayi amphamvu n'kovuta, ndipo maina salemba tsiku lililonse. Madamu musalonjeze chimene sichili m'manja mwanu. Lonjezo losakwaniritsidwa limapweteka kuposa kukhala chete. Mayiwo akanalowa banki m'khonde bwenzi ali ndi pogwira pawokha, koma izo a Mother Group ndi amene angakambe nawo pang'onopang'ono.

Za phala, kambani ndi komiti. Sukulu zomwe zili ndi phala la Mary's Meals, amene anayamba ntchito yawo kuno ku Malawi mu 2002, kapena la bungwe loona za chakudya padziko lonse la WFP, aliyense amadziwa kuti ana amathamangira ndi makapu ngakhale mvula ikugwa. Kumene kulibe, sukulu ina yomwe ndinali tinalima munda wa sukulu, chimanga ndi soya, makolo n'kumasonkha kambale kamodzi pokolola. Tinkasunga n'kuphika January mpaka March basi, katatu pa sabata. Sizinali zambiri, ndipo chaka china anankafumbwe anatidyera theka. Komabe masiku a phala kalasi inkadzaza.

Sala_wa_Golomoti
Kwathu tinayesa, matumba awiri anasowa m'manja mwa akomiti. Kiyi azisunga amayi, osati abambo a komiti. Ndanena ndanena.

Kabaza_wa_Lizulu
Madamu, tsiku lomwe mayiwo angafune kupita kuboma kapena kuchipatala mundiuze ku inbox. Ndidzawanyamula, mafuta ndi anga. Za dzenje zija muiwale, ndinalankhula ndisanamve.

Choko_Chatha
Zikomo achimwene, ndikuuzani. Ahedi ndawafotokozera m'mawa uno. Poyamba anati tikayamba zimenezi sukulu isanduka khoti, koma nditatchula za mwana wa zaka zinayi m'munda anakhala chete, kenako anaimbira okha wa zoteteza ana. Akuti abwera Lachinayi. Amalume apezeka, amakhala mudzi wachiwiri, avomera kuti ana azikagona kwawo pakadali pano. Mayiwo sanasankhe chochita, ndipo sindikuwakakamiza.

Mnyamatayo wabwera lero. Ndamukhazika kutsogolo pafupi ndi khomo, ndamupatsa ntchito yosunga choko ndi dasitala. Piriyodi yoyamba wagona yonse, ndamusiya. Ana ena anayamba kung'ung'udza kuti bwanji iyeyo simukumudzutsa, ndangoti sakupeza bwino. Pa buleki anapepesana ndi mnzake uja, mopanda kuyang'anana kumaso, koma anagwirana chanza. Masamu sanalembe.

Chitseko cha kalasi ndachimangirira ndi chingwe kuti mphepo isamachimenyetse. Chigumu cha mtsikana uja ndabweza ndi K500 yanga, musawauze ahedi.